KHADI LA MONI LA NJINGA YAMOTO: M'MENE MUNGALIPANGIRE NDI ZIDINDO ZA MPHIRA

Masiku ano palibe mudzi umene sudziwa kulira kwa njinga yamoto, ija makolo athu adaitcha mthuthuthu chifukwa cha mawu ake. Alangizi a zaulimi amafika nayo m'midzi, a zaumoyo amanyamulirapo mankhwala a katemera, ndipo anyamata ambiri apita m'matauni kukachita kabaza. Tsono ambiri a ife tili ndi mbale kapena bwenzi amene amakhala pa chishalo tsiku ndi tsiku. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani njira yopangira khadi la moni loti mutumizire munthu wotereyo, lokhala ndi chithunzi cha njinga yamoto chodinda ndi zidindo zimene mwapanga nokha ndi mphira.

Ena adzati, "Ine sindidziwa kujambula, nanga njinga ndiitha bwanji?" Musade nkhawa ayi. Ntchito iyi sifuna katswiri, koma munthu wodekha amene amayamba waganiza asanadule. Chidindo chikasemedwa bwino kamodzi, chidzakudindirani makhadi makumi angapo ofanana. Chikasemedwa molakwa, chidzabwereza cholakwa chomwecho pa khadi lililonse. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse.

CHIDINDO N'CHIYANI?

Aliyense adachionapo chidindo, kaya pa kalata ya kwa mfumu, kaya pa lisiti, kaya ku positi ofesi. Zidindo zonse zimagwira ntchito mofanana. Pankhope pake pali malo otukuka ndi malo okumbika. Malo otukuka ndiwo amatenga inki naisiya pa pepala. Malo okumbika sakhudza kanthu, ndipo pamenepo pepala limatsala loyera. Chotero posema chidindo simulemba chimene mufuna, koma muchotsa chimene simufuna.

Nzeru imeneyi ndi yakale zedi. Buku lakale kuposa onse mwa mabuku osindikizidwa amene ali ndi chaka chake lidadindidwa ku China m'chaka cha 868, ndipo adalidinda ndi matabwa osema. Mu Africa muno, anzathu a ku Ghana amakongoletsa nsalu zotchedwa adinkra ndi zidindo zosema pa zidutswa za chipanda, ndipo utoto wake amaupeza pophika makungwa a mtengo.

Mphira idabwera pambuyo. Mphira yeniyeni ndi utomoni wa mtengo umene kwawo ndi ku nkhalango za Amazon ku Brazil, ndipo kuno kwathu mitengo imeneyi imalimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Poyamba mphira inali yovuta, pakuti inkanyanda kukatentha ndi kuuma gwa kukazizira. Munthu wina wa ku America, Charles Goodyear, adapeza kuti akaitenthetsa pamodzi ndi salufa imakhazikika, ndipo adalembetsa njira yake ku boma m'chaka cha 1844. Patapita zaka ngati 20 anthu adayamba kupanga zidindo za mphira. Ubwino wa mphira ndi wakuti imalola pang'ono mukaikanikiza, motero imakhudza pepala paliponse. Thabwa silitero, pakuti pamene lapendekeka pang'ono pamatsala poyera.

MWAMBO WA MAKHADI

Khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa lidatuluka mu mzinda wa London m'chaka cha 1843. Bambo wina, Henry Cole, adapempha wojambula John Callcott Horsley kuti amujambulire chithunzi, ndipo adasindikiza makhadi 1,000 amene ankagulitsa shileni imodzi lililonse. Zaka zitatu m'mbuyomo, mu 1840, boma la kumeneko linali litatsitsa mtengo wotumizira kalata kufika pa kobiri limodzi, ndiye chifukwa chake anthu wamba adayamba kulemberana kwambiri.

Lero makhadi ambiri a m'sitolo ali ndi mawu a Chingerezi ndi zithunzi za zinthu zimene sitiziona kwathu kuno. Khadi lopanga nokha limalankhula chilankhulo chanu, ndipo chithunzi chake chimauza wolandirayo kuti mudamuganizira iye mwini, osati munthu wina aliyense.

NJINGA IGAWENI M'ZIDUTSWA

Chinsinsi chojambulira njinga yamoto ndi ichi: musaione ngati chinthu chimodzi. Njinga imene anthu ambiri amati ndiyo yoyamba yoyendera petulo adaipanga Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach ku Germany m'chaka cha 1885, ndipo thupi lake linali la matabwa. Mu 1894 kampani ya Hildebrand & Wolfmüller ya mu mzinda wa Munich idayamba kupanga njinga zambiri zogulitsa. Chiyambire masiku amenewo zambiri zasintha, koma maonekedwe ake akulu ndi omwe aja: magudumu awiri, injini pakati, pokhala munthu, ndi pogwira. Mwana wa sitandade 1 akaona zinayi zimenezi zili m'malo mwake adzati, "Njinga!"

Choncho mudzapanga zidindo zazing'ono zingapo m'malo mwa chimodzi chachikulu. Nazi:

1. Gudumu. Chidindo chimodzi chikwanira, pakuti mudzachidinda kawiri.
2. Injini, yooneka ngati kabokosi.
3. Thanki, yooneka ngati dzira logona.
4. Chishalo, chotalika ngati nthochi.
5. Foloko ndi mahandulo, zooneka ngati ndodo yokhota kumutu.
6. Paipi yotulutsira utsi.
7. Munthu wokwera, ndi chipewa chake chotetezera mutu.

Kugawa kotere kuli ndi maubwino atatu. Kachidutswa kakang'ono kamadulika mosavuta. Mukalakwitsa kamodzi mutaya komweko, osati njinga yonse. Ndiponso mukhoza kudinda thanki ndi utoto wofiira, magudumu ndi wakuda, monga momwe njinga ya mbale wanuyo ilili.

ZIPANGIZO ZOFUNIKA

Zambiri mwa izi zili kale pakhomo panu kapena kwa okonza njinga pamsika:

Chubu chakutha cha njinga yamoto kapena cha galimoto. Cha njinga yakapalasa chigwiranso, koma n'chopyapyala.
Labala woyera wofufutira, wosemapo zilembo. Malabala ambiri a masiku ano ndi a pulasitiki wofewa, koma amasemeka bwino lomwe. Patapata wakutha akhozanso kugwira ntchito ngati mwapeza malo osalala.
Kachidutswa ka tayala lakutha la njinga yakapalasa, kotalika ngati chala.
Timatabwa tosalala tomatapo mphira. Kalipentala ali nato tambiri totsala.
Guluu uja okonza njinga amamatira zigamba pa chubu.
Sizasi, lezala latsopano, pensulo yofewa, choko, rula, ndi chotsekera botolo la zakumwa.
Pepala lolimba la khadi, ndi mapepala ena akutha oyesererapo.
Inki kapena utoto.

KUKONZA PEPALA

Pepala la manila lija aphunzitsi amalembapo matchati ndi labwino kwambiri. Kumbuyo kwa kalendala yakale kumagwiranso ngati n'koyera ndi kosaterera. Pepala loterera silimwa inki, ndipo chithunzi chimafufutika.

Muyeso wosavuta ndi uwu. Pepala la m'maofesi lotchedwa A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Mukalidula pakati mupeza mapepala awiri, lililonse la masentimita 21 ndi 14.8. Pindani limodzi pakati pa mbali yaitaliyo, ndipo khadi lanu lidzakhala masentimita 14.8 ndi 10.5. Khadi lotere limalowa bwino mu envulopu ya masentimita 16.2 ndi 11.4. Ngati envulopu yanu ndi ya mtundu wina, yambani mwaiyesa musanadule pepala.

Kuti mpindo ukhale wowongoka, ikani rula pakati penipeni ndi kukoka mzere ndi bolopeni yakutha inki, kenaka pindani motsata mzerewo. Popeza njinga ndi yaitali, khadi ligonekeni cham'mbali, mpindo ukhale pamwamba, kuti likaima pa tebulo lioneke ngati denga la nyumba.

KUJAMBULA CHITSANZO

Musayambire pa mphira. Tengani pepala loyesererapo lofanana kukula ndi nkhope ya khadi, ndipo kokani mzere wa msewu masentimita 2 kuchokera pansi. Pa mzerewo jambulani magudumu awiri pozunguliza chotsekera botolo, chimene chili pafupifupi masentimita 3 m'mimba mwake. Kuchokera pakati pa gudumu lina kufika pakati pa linzake pakhale masentimita 7. Anthu ambiri amalakwa pamenepa poyandikizitsa magudumu, ndipo injini imasowa pokhala. Kumbukirani kuti pakati pa magudumu awiriwo payenera kutsala malo oti gudumu lachitatu likhoza kulowapo ndi kutsala kampata.

Mumpata umenewo ikani injini. Pamwamba pa injini, chakutsogolo, ikani thanki, ndipo kumbuyo kwa thanki ikani chishalo chofika pamwamba pa gudumu lakumbuyo. Foloko ichokere pakati pa gudumu lakutsogolo, ikwere mopendekera kumbuyo kufika pamwamba pa thanki, pamene pakhale mahandulo. Kupendekeka kumeneku n'kofunika. Foloko yoongoka njo imaonetsa ngati njinga yaima, koma yopendekeka imaonetsa ulendo. Paipi ya utsi ichokere pansi pa injini kuloza kumbuyo. Potsiriza jambulani munthu atakhala pa chishalo, manja ali pa mahandulo.

Pakati pa chidutswa ndi chinzake siyani kampata koyera kochepa ngati m'mphepete mwa kandalama. Kampata kameneka kamaletsa mitundu ya utoto kusakanikirana, ndiponso kamathandiza diso kusiyanitsa injini ndi thanki. Mukakhutira ndi chithunzicho, jambulani china chofanana nacho. Chimodzi musunge kuti chizikutsogolerani podinda, chinacho mudule m'zidutswa zake.

LAMULO LA KALILOLE

Tsopano tafika pa mfundo imene imagwetsa anthu ambiri. Chidindo chimatembenuza zinthu monga kalilole: chimene chili kumanja pa mphira chimatuluka kumanzere pa pepala. Mukasema njinga yoloza kumanja, idzatuluka yoloza kumanzere. Pa gudumu palibe kanthu, pakuti gudumu n'lofanana mbali zonse. Koma thanki ikaloza kwina, foloko kwina, ntchito yonse yaonongeka.

Pa zilembo ndiye pofunika kusamala koposa. Zilembo zazikulu A, H, I, M, O, T, U, V, W, X ndi Y zimaoneka chimodzimodzi ngakhale muzitembenuze. Zina zonse zimasintha. Taonani mawu akuti MONI. Zilembo M, O ndi I sizivuta, koma N iyenera kusemedwa motembenuza, ndiponso mawu onse ayenera kuyambira kumanja kupita kumanzere. Munthu wosadziwa lamuloli amasema MONI monga amalembera m'kope, ndipo podinda amapeza mawu osawerengeka.

Pali njira ziwiri zopewera vuto limeneli popanda kuvutitsa mutu.

Pa labala: lembani mawu anu bwinobwino pa pepala lopyapyala ndi pensulo yofewa, mobwereza kuti mizere ide. Vundikirani pepalalo pa labala, mbali yolembayo iyang'ane pansi, ndipo tikitani kumbuyo kwake ndi chikhadabo kapena supuni. Mukachotsa pepala mudzaona mawuwo atsala pa labala atatembenuka kale okha. Semani motsata zimene mukuonazo.

Pa chubu: ikani kachidutswa ka pepala ka thanki pa chubu monga momwe kakhalira pa chithunzi chanu. Zungulizani ndi choko chosongola, ndipo musanadule lembani kamtanda pakati pake. Mbali ya kamtandayo ndi imene mudzamate ku thabwa. Mbali inayo ndiyo idzadinde, ndipo thanki idzatuluka yoloza kumene mudafuna.

Musanapake inki, onetsani chidindo chanu pa kalilole. Chimene mukuona m'kalilolemo ndicho chidzatuluke pa pepala.

KUDULA NDI KUSEMA

Ng'ambani chubu ndi kuchitsuka ndi sopo kuti fumbi ndi mafuta zichoke, pakuti inki sigwira pa mafuta. Sankhani malo osalala, opanda zigamba ndi mizere yotukuka. Zidutswa zazikulu dulani ndi sizasi. Podula mokhota, tembenuzani mphirayo, osati sizasi. Gudumu likhale ngati mphete yokhuthala mamilimita 4, ndipo pakati pake mudzamate kadontho ka mphira. Masipoko mudzawalemba ndi bolopeni pambuyo pake.

Pomata, palani pang'ono mbali ya kamtanda ija ndi mwala wokhakhala, monga amachitira okonza njinga. Pakani guluu pa mphira ndi pa thabwa, dikirani kufikira atasiya kunyowa, kenaka phatikizani ndi kutsamiritsa mwala usiku wonse. Pamwamba pa thabwa jambulani maonekedwe a chidutswacho pa malo ake enieni, kuti podinda muzidziwa pamene chigwere.

Posema labala, chotsani malo onse opanda pensulo, mozama mamilimita 2. Lezala lipendekere kunja kwa chilembo, kuti chilembocho chikhale chotambalala pansi ndi chochepa pamwamba, monga mzere wa m'munda. Mlimi aliyense adziwa kuti mzere wokumbika m'munsi umagumuka, ndipo chilembo chokumbika m'munsi nachonso chimathothoka. Chotsani pang'onopang'ono. Chimene mwasiya mukhoza kuchichotsa mawa, koma chimene mwachotsa sichibwereranso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chenjerani ndi lezala. Kulungani mbali imodzi ndi kansalu kapena tepi. Labala akhale pa thabwa, osati m'dzanja kapena pa ntchafu, ndipo dulani molozetsa kutali ndi zala zanu. Lezala lotola kapena limene wina wametera kale musaligwiritse ntchito, pakuti likhoza kukupatsani matenda. Ana aang'ono asapatsidwe lezala konse.

INKI NDI UTOTO

Kabokosi ka inki yodindira kamapezeka m'masitolo ogulitsa makope. Ngati kulibe, pangani kanu. Tengani kachitini ka polishi kotsuka bwino, ikanimo kansalu kokhuthala kopinda kanayi, ndipo donthezani inki kapena utoto wa kusukulu kufikira kansaluko katanyowa, koma kosachucha. Mtundu uliwonse ukhale ndi kachitini kake.

Utoto wakuda mukhoza kuupanga nokha. Palani mwaye wa pa nyali ya parafini kapena wa kunsi kwa mphika, ndi kuusakaniza ndi kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, kapena ndi utomoni wa mthethe wosungunula m'madzi. Mwaye ndiwo umadetsa, ndipo phala kapena utomoni ndi umene umaugwiritsa pa pepala kuti usafufutike ukauma. Anthu akale a ku Egypt ankapanga inki yawo ndi mwaye ndi utomoni momwemu, ndipo zolemba zawo zikuwerengekabe lero. Ngati utoto ukuchita timadontho pa mphira m'malo mofalikira, onjezerani thovu la sopo pang'ono.

KUDINDA

Sankhani tebulo losagwedera, ndipo yalanipo nyuzipepala zinayi kapena zisanu kuti pakhale pofewa pang'ono. Tambasulani khadi, musadinde lili chipindire. Ndi pensulo kokani mzere wa msewu mosaoneka kwambiri, ndi kuika timadontho tiwiri pamene padzakhale pakati pa magudumu.

Gunditsani chidindo pa kansalu ka inki katatu kapena kanayi mopepuka, osachipondereza. Chiyang'aneni kuti muone ngati inki yafika paliponse. Chitsitseni pa pepala mowongoka, kanikizani ndi chikhatho mukuwerenga kufika pa zisanu, ndipo chinyamuleni mowongokanso. Musachigwedeze uku ndi uku, pakuti mizere idzatuluka iwiriiwiri.

Chidindo chilichonse chiyambe chayesedwa pa pepala lakutha. Ngati patuluka timizere tosafunika, ndiye kuti pamenepo simudakumbe mokwanira. Ngati chithunzi chafalikira, inki yachuluka. Ngati pakati patsala poyera, tebulo silosalala kapena simudakanikize mofanana.

Yambani ndi magudumu, chifukwa zina zonse zimayesedwa kuchokera pa iwo. Kenaka injini, thanki, chishalo, foloko, paipi, ndipo munthu potsiriza. Mtundu umodzi uyambe wauma musanadinde wina. Ngati mukupanga makhadi 20, dindani magudumu pa onse 20, ndipo pamene mukufika pa lomaliza loyamba lija lidzakhala litauma.

Msewu ndiwo wosavuta koposa. Pakani inki pa kachidutswa ka tayala kaja ndi kukadinda mondondozana kunsi kwa magudumu. Mapazi a tayalalo adzaoneka monga amaonekera pa fumbi njinga ikadutsa. Mawu akuti MONI aikeni pakona ya pamwamba, kumbuyo kwa wokwerayo. Zonse zikauma, lembani masipoko ndi tcheni ndi bolopeni, ndi kufufuta mizere ya pensulo.

Amene azolowera akhoza kuyesa nzeru ina yoonetsera kuti paipi ili kutsogolo kwa gudumu. Yambani mwadinda paipi. Dulani kapepala kofanana ndi paipiyo ndi kukaphimba pamwamba pake, kenaka dindani gudumu. Mukachotsa kapepalako, gudumu lidzaoneka kuti ladutsa kuseri kwa paipi. Lamulo lake n'lakuti chimene chili kutsogolo ndicho chiyambe kudindidwa.

MUSAIWALE CHIPEWA

Tanena kuti munthu wa pa chithunzi avale chipewa cholimba chija ambiri amati helemeti. Ichi si chokongoletsa chabe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, World Health Organization, limati kuvulala m'mutu ndiko kumapha anthu ambiri mwa okwera njinga zamoto amene achita ngozi, ndi kuti chipewa chabwino chomanga bwino chimachepetsa kwambiri imfa zotere. Nkhaniyi si yachilendo. M'chaka cha 1935 msilikali wotchuka wa ku England, T. E. Lawrence, adamwalira atavulala m'mutu pa ngozi ya njinga yamoto. Mmodzi wa madokotala amene adamuona, Hugh Cairns, adayamba kufufuza za ngozi zotere, ndipo mu 1941 asilikali a dzikolo okwera njinga zamoto adalamulidwa kuvala zipewa.

Mnyamata wa kabaza amamva malangizo a apolisi tsiku ndi tsiku, ndipo mwina amangowataya. Koma khadi lochokera kwa mayi ake adzalipachika m'chipinda mwake, ndipo adzaliona m'mawa uliwonse asanalize njinga. Choncho dindani chipewacho ndi utoto woonekera patali, ndipo lembani ndi kalamba kake kodutsa kunsi kwa chibwano, pakuti chipewa chosamanga chimauluka munthu asanafike pansi. Ngati mwaikapo wokwera wachiwiri, nayenso avale chake.

MAWU A M'KATI

Mawu a m'kati lembani ndi dzanja, mwachidule, ndi ulemu woyenera munthuyo. Nazi zitsanzo zitatu:

Kwa mwana: "Mwana wanga, kuno tonse tili bwino. Tikukufunira Khirisimasi yabwino. Uziyenda mofatsa, chipewa chisachoke kumutu. Ndine mayi ako."

Kwa mkulu wanu: "Achimwene, tamva kuti mwagula njinga ndipo takondwa nanu. Ikutumikireni zaka zambiri. Musathamange, tikufuna tidzakuoneni pokolola. Ndine mng'ono wanu."

Kwa alangizi: "Bambo Alangizi, tikuthokoza kuti mwatiyendera chaka chonse, pa dzuwa ndi pa mvula pomwe. Mulungu akusungeni m'maulendo anu onse. Ndife alimi a m'kalabu yanu."

Kumbuyo kwa khadi lembani dzina lanu ndi chaka. Potumiza pa positi, lembani keyala ya wolandira momveka bwino kutsogolo kwa envulopu ndi yanu kumbuyo, ndipo funsani a positi za sitampa yoyenera. Ngati mupatsira munthu wa paulendo, ikani khadilo pakati pa makatoni awiri kuti lisakwinyike.

CHENJEZO LALIKULU

Munthu amene waphunzira kusema zilembo pa mphira waphunzira luso limene lingamumangitse akaligwiritsa ntchito molakwa. Chidindo cha mfumu, cha sukulu, cha chipatala, cha banki kapena cha ofesi ya Boma ndi mboni yakuti kalatayo ndi yoona. Kusema chidindo chofanizira chimodzi mwa izi, kapena kudinda nacho kalata, ndi mlandu wachinyengo, ndipo chilango chake chikhoza kukhala ndende. Wina akakupemphani kuti mumusemere chidindo chotere, ngakhale atanena kuti n'zongoseweretsa, mukaneni. Aphunzitsi awauze ana zimenezi pa tsiku loyamba lenileni. Ndiponso ngati mufuna kugulitsa makhadi anu, musasemepo chizindikiro cha kampani yopanga njinga, pakuti chili ndi eni ake.

MAWU KWA APHUNZITSI

Ntchito iyi ikhoza kugawidwa m'masiku atatu. Tsiku loyamba ana ayang'ane njinga yeniyeni kapena chithunzi chake, atchule ziwalo zake, ayese ndi rula ndi kujambula chitsanzo. Tsiku lachiwiri ana aakulu adule chubu ndi sizasi ndi kumata, pamene inu nokha mukusema zilembo. Tsiku lachitatu onse adinde. Ana aang'ono ayambe ndi mbatata kapena chinangwa chodula pakati chimene inu mwawasemera. Chidindo chotere chimafota pa tsiku limodzi kapena awiri, koma chikwanira kuwaonetsa lamulo la kalilole.

Gawani ana m'magulu a asanu ndi awiri, mwana aliyense apange chidutswa chimodzi cha njinga. Pamenepo adzaona okha kuti wina akapanda kuyesa bwino, thanki yake sikwana pa njinga ya anzake. M'phunziro limodzi lomweli muli masamu a kuyesa, muli kulemba kalata, muli malamulo a pamsewu, ndiponso muli kusamala zinthu zimene ena amataya. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ana amamvetsa mwambi umenewu msanga akauona ndi maso.

KUSUNGA ZIDINDO

Mukatha ntchito, pukutani zidindo ndi kansalu konyowa ndi kuziyanika pa mthunzi. Musazitsuke ndi petulo kapena parafini, pakuti zimenezi zimafufumitsa mphira ndi kumatula guluu. Dzuwa nalonso limang'alula mphira. Zisungeni m'chitini chotseka, nkhope zake zisapanikizane. Mukatero zidzakutumikirani zaka zingapo, ndipo gudumu lomwe lija lidzakudindirani njinga yakapalasa, ngolo kapena wilibala.

Amene afuna kuti makhadi awo afike Khirisimasi isanakwane ayambe m'mwezi wa Novembala, ntchito ya kumunda isanachuluke. Khadi loyamba silidzakhala lokongola ngati lachisanu, ndipo zimenezi zisakufooketseni. Pitani kwa okonza njinga mukapemphe chubu chakutha, jambulani chitsanzo chanu, ndipo musadule kanthu musanaonetsetse kumene njinga yanu ikuloza.